Nyumba ya Mfumu Duu Imamva Munthu Mmodzi

Ku Vomerani, ufumu uja uli kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anawadumpha, mfumu siyankhula. Musandimve molakwa. Lilime ili nalo, mano ali onse, ndipo kudya imadya mosaumira. Koma mwambo wa makolo umati mawu a mfumu ndi olemera kwambiri, moti munthu wamba akawamva makutu ake amathothoka pomwepo. Palibe amene anaonapo makutu othothoka, komanso palibe amene anafunapo kuyesa ndi ake. Choncho mfumu imanong'oneza munthu mmodzi yekha, wa makutu okhwimitsidwa ndi mankhwala, ndipo munthuyo ndiye amaimirira n'kuuza dziko. Udindo umenewu amautcha Pakamwa pa Mfumu.

M'masiku a Mfumu Duu Wachitatu, Pakamwa pa Mfumu anali Yowasi Nthondowa, bambo wamfupi wa dazi lonyezimira, mawu ake ngati ng'oma yowamba bwino. Anakhala pa udindowu zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo chinsinsi chake ndikuuzani ine, poti iye sakanakuuzani. Mfumu Duu inalibe zonena. Tsiku loyamba lenileni, atangoilonga ufumu, bwalo litadzaza tho, inaweramira kukhutu la Yowasi n'kunena kuti, "Nsapatozi zikundithina."

Yowasi anayang'ana khamulo, amayi atabereka ana, madoda atavula zipewa padzuwa, n'kuona kuti anthu otere sungawabweze ndi nkhani ya nsapato. Anatsokomola. "Mfumu yati njira ya chitukuko ndi yopapatiza, koma tiyende ndithu."

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Mawuwo anawalemba pa makoma a sukulu. Kuyambira pamenepo, mfumu ikati ikumva tulo, Yowasi ankalengeza sabata ya mtendere. Ikati nyemba zadzulo sizinaiyanje, ankachenjeza dziko za adani am'kati. Nsapato zija zinali zaufumu, zosiyirana kuchokera kwa Duu Woyamba amene anali ndi mapazi a mwana wasukulu, ndiye mfumu inkazidandaula chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka njira ya chitukuko inkapapatizabe.

Munthu wotere mungaganize kuti analibe chomudetsa nkhawa. Chinalipo. Yowasi anali ndi mlongo mmodzi, Dolika, wogulitsa kaunjika pamsika wa Zatikwana, ndipo Dolika anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Sekanawo. Mtsikanayu anapeza mnyamata womanga naye banja, Fanuwelo wokonza njinga, ndipo chotsala chinali chinkhoswe basi. Nkhoswe ya kuchikazi ndi malume, ndipo malume wa Sekanawo padziko lonse anali Yowasi yekha. Chinkhoswe chinakonzedwa kawiri. Ulendo woyamba Yowasi anali kutsegulira mlatho umene unali usanamangidwe. Ulendo wachiwiri anali kutsegulira mlatho womwewo. Akuchimuna anapirira, koma anasiya mawu akuti Loweruka loyamba la mwezi wa Okutobala likhala lomaliza, malume akapanda kuoneka anyamula tambala wawo osabweranso.

Kutatsala sabata zitatu, mfumu inabwera kuchokera ku ulendo wakunja itatengeka mtima. Kumeneko inagona m'nyumba yomva mawu. Munthu kungoti "yatsa", magetsi n'kuyaka. Kungoti "tsegula", chitseko n'kutseguka chokha, popanda dzanja. Inanong'oneza Yowasi kuti, "Ndikufuna yanga." Yowasi anaimirira n'kuti, "Mfumu yati Vomerani walowa m'nyengo yatsopano." Nduna ya Zamawa, a Gwiramphepo, amene ntchito yawo inali kusamalira zinthu zonse zimene zidzachitike mawa, anaitanitsa akatswiri a kampani ya Tamvatamva tsiku lomwelo. Chinali chinthu choyamba chimene unduna wawo unachita lero.

Akatswiriwo anaboola makoma sabata yathunthu. Anaika timakutu tachitsulo m'chipinda chilichonse, kukhitchini, kubafa, pachipata, ngakhale kumalo kuja mfumu imapita yokha. Atamaliza, mkulu wawo, mayi wovala ovolosi amene sankagwada poyankhula, anaima pamaso pa nduna zonse.

"Chatsala n'chimodzi," anatero mayiyo. "Mwini nyumba ayankhule mokweza katatu kuti nyumba iphunzire mawu ake."

Nduna zonse zinagwira makutu.

Bwalo linakhala masiku awiri pankhaniyi. A Gwiramphepo anafunsa ngati nyumba ili ndi makutu enieni, ndipo ngati ili nawo, akathothoka adzatola ndani. Nduna ina inati mfumu ikayankhule m'chipinda chotseka anthu onse atatuluka mumzinda. Ina inati nanga mbuzi ndi nkhuku, nazonso si zili ndi makutu? Madzulo a tsiku lachiwiri anagwirizana chimene akanagwirizana m'mawa wa tsiku loyamba, kuti mawu a Yowasi ndiwo mawu a mfumu, ndiye Yowasi ayankhule.

"Ndikuchenjezeni," anatero mayi wa ovolosi. "Nyumbayi imadziwa mwini mmodzi. Amene ayankhule leroyu ndi yemweyo basi."

"Mayi, inu mumadziwa mawaya, ife timadziwa mwambo," anayankha a Gwiramphepo.

Mayiyo anangoti, "Eni dziko ndinu." Yowasi anayankhula katatu, mayiyo ananyamula chikwama chake, n'kukakwera ndege.

Tsono apa ndiye pamene Yowasi anapenga ndi chimwemwe, ndipo ine sindimuda nazo. Anaima pakati pa holo yaikulu n'kunena mwamanyazi kuti, "Nyumba, yatsa magetsi."

"Ndamva, bambo," anayankha mawu ofewa kuchokera kudenga, ndipo holo yonse inati ngwee.

Yowasi anagwira pachifuwa. Muganizire, munthu amene kwa zaka makumi awiri ndi zinayi ankanena zinthu anthu n'kuwomba m'manja koma osachitika kanthu. Analengezapo milatho isanu ndi iwiri, anthu akuwolokabe atapinda mathalauza. Analengezapo zipatala, misewu, ngakhale sitima yapamtunda. Lero wangoti "yatsa", chinthu chayakadi. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Nyumba, zimitsa." Mdima. "Nyumba, yatsa." Kuwala. "Nyumba, tsegula makatani. Tseka. Tsegula theka." Anathamangira kukhitchini dazi likunyezimira, anauza mbaula kuti iyake, inayaka. Anauza firiji kuti inene zimene ili nazo m'mimba, inatchula zonse mpaka botolo limene wophika anabisa kuseri kwa kabichi. Anauza nyumba kuti iimbe, inaimba, ndipo bambo wamkulu ndithu anavina yekha mukhonde atakweza manja, alonda akuyang'ana kumbali chifukwa cha ulemu. Mfumu inali pampando wake ikugwedeza mapewa, kumene kunali kuseka kwake kovomerezeka ndi mwambo. Inanong'ona kuti, "Uchitenso za makatani zija." Yowasi anati, "Mfumu yati kuwala ndi mdima zonse zili m'manja mwathu," n'kuchitanso za makatani.

A Gwiramphepo sanafune kutsalira. Analamula kuti maswitchi onse, makiyi onse ndi zogwirira zonse za zitseko zizulidwe, chifukwa zinali zachikale ndipo zinkachititsa ufumu manyazi. Anazikweza pa lole, gulu la malipenga lili patsogolo, n'kukazigawa pamsika wa Zatikwana ngati gawo la anthu pa nyengo yatsopano. Wogulitsa makala analandira switchi, n'kuikhomera pa thumba la makala. Dolika analandira chogwirira chagolide. Anachitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kalaliki wogawayo kuti, "Nanga chitseko chake?"

"Chibwera mawa, mayi."

"Chabwino. Ndikhala ndikugwira."

Sabata imeneyo msika wonse unkangoseka. Munthu akafika pakhomo pake ankaima n'kuti, "Nyumba, yatsa," ana n'kuyankha m'katimo kuti mafuta anatha. Mayi wina wa tomato anati yake ndiye inayamba kale kuyankhula, nthawi ya mvula imati tho, tho, tho, pamutu penipeni.

Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ananena asanaone nyumba ya Mfumu Duu. M'menemo womva m'mimba ankayamba wafunafuna Yowasi. Mfumukazi ikafuna madzi otentha, Yowasi. Wophika akafuna moto, Yowasi. Mlonda akafuna kulowetsa mlendo, Yowasi. Mfumu ikadya nyemba, Yowasi ankaima panja pa kachipinda kaja nkhope ili kukhoma, kudikira kugogoda kuti alamule madzi. Anamuyalira mphasa mukhonde, ndipo kunyumba kwake sanapitenso.

Anayesa nzeru. Anajambula mawu ake pafoni n'kupatsa wophika, koma nyumba inati, "Pepani, awa ndi mawu adzulo." Nduna zinachita mpikisano wotsanzira mawu a Yowasi, aliyense akufufumitsa khosi ngati chule, ndipo nyumba inafunsa mwaulemu ngati iitane dokotala. Apa a Gwiramphepo anazindikira kuti ufumu wonse wapachikika pakhosi pa munthu mmodzi, ndipo anatulutsa lamulo lakuti kummero kwa Yowasi ndi chuma cha dziko. Anamuletsa madzi ozizira, kuimba, kupita kumaliro ndi kuonera mpira. Anamukulunga sikafu yaubweya m'khosi, kutentha kwa chilimwe kuli pachimake, n'kumupatsa asilikali awiri oti azilondera mawuwo usana ndi usiku. M'mawa uliwonse ankamumwetsa uchi wosakaniza ndi jinja pamaso pa mboni.

Lachitatu la sabata ya chinkhoswe, mfumu itagona tulo tamasana, Yowasi anatsekula chipata n'kutsikira kumsika, asilikali ake ali pambuyo. Anapeza Dolika atakhala pa belo, akukutumula masiketi.

"Eee, chuma cha dziko chafika," anatero Dolika osaimirira. "Ndiyale chitenje, kapena chimakhala choimirira?"

"Mlongo wanga, usatero. Ndabwera mozemba."

"Ndikuona. Mwazemba ndi asilikali awiri ndi bulangete m'khosi. Achimwene, Loweruka ndi mtondo. Mukudziwa msoti uja tinagula ulendo woyamba kuti mukapereke kwa akuchimuna? Unaikira mazira, unaswa, ana ake nawo aswa. Panopa ndi agogo. Tagula wina."

Mayi wa tomato uja anaseka mpaka kugwira nthiti. Yowasi sanaseke.

"Sekanawo ali bwanji?"

"Sakudya. Amangosita diresi lija, kulipinda, kulisitanso. Dzulo anandifunsa kuti, amayi, kodi amalume amandida? Ndinasowa choyankha, poti ine ndilibe wondinong'oneza." Dolika anaika siketi pansi, ndipo mawu ake anatsika. "Inu mwayankhulira munthu wa eni zaka makumi awiri ndi zinayi. Mwana wa mlongo wanu akupempha masana amodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Sankhani."

Yowasi anamva chisoni chenicheni, chija chimakhala pamtima ngati mwala. Iye ndiye analera Sekanawo pamiyendo pake bambo a mwanayo atamwalira. Anatsegula pakamwa kuti alonjeze, koma msilikali wina anafika pa njinga akupuma mwawefuwefu. Mfumu inali itadzuka msanga, ndipo inali ikugogoda.

Lachinayi anagwada pamaso pa bwalo lonse n'kupempha tchuthi cha tsiku limodzi. Apa ndiye panali zoseketsa zomvetsa chisoni, chifukwa atapempha anayenera kudzuka, kuzungulira mpando, n'kukatchera khutu kuti amve yankho la pempho lake lomwe. Mfumu inamugwira dzanja.

"Usandisiye," inanong'ona. "Ndimaopa zitseko zija."

Yowasi anaimirira. Akanatha kunena chilichonse. Munthu amene anasandutsa nyemba kukhala adani am'kati sakanalephera kusandutsa mawu awa kukhala chilolezo. Koma m'zaka zonsezi anali asananamepo zomupindulira iye mwini, ndipo pakamwa pake panangotsata njira yake yakale.

"Mfumu yati ntchito ya dziko ndiyo yoyamba."

Nduna zinawomba m'manja. Aka kanali koyamba kuti Yowasi amve kulemera kwa mawu ake ali kumbali ya owamva, ndipo anawawidwa mtima.

A Gwiramphepo anadzuka ali mwee. Anati zakhala bwino, chifukwa Loweruka lomwelo m'mawa kukhala mwambo waukulu wotsegulira nyumba, akazembe a maiko onse adzakhalapo. Aliyense adzatuluka panja, chipata chidzatsekedwa, ndipo Yowasi adzanena mawu amodzi dziko lonse likuona. Poti zinthu za boma sizichitika mwachisawawa, Lachisanu lonse linali lokonzekera. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka Yowasi anaima pachipata. "Nyumba, tsegula." Mokweza pang'ono, anatero a nduna. "Nyumba, tsegula." Mwaulemerero, ngati mukutsegulira mbiri. Anayesa ndi malipenga, anayesa ndi ng'oma, anayesa mizinga ikulira kuti aone ngati mawu angapose mizinga. Chipata chinatseguka ndi kutsekeka kokwana mazana atatu, ndipo pakati pake ankamumwetsa jinja wowirikiza mpaka kummero kunachita kuyaka.

Loweruka kunacha bwino. Akazembe anakhala pansi pa matenti akudzipepesa mphepo ndi mapepala a ndondomeko. Mfumu inatuluka m'mikanjo yake yonse, ikuyenda monyang'ama m'nsapato za Duu Woyamba, monga mwa nthawi zonse, kayendedwe kamene anthu ankati n'kaulemerero. Mfumukazi inatuluka, ophika, osesa, alonda, mpaka mphaka. Chipata chinatsekeka chokha pambuyo pawo, monga anachikonzera dzulo lake. A Gwiramphepo anayankhula ola lathunthu za mawa. Kenako malipenga analira, kunati zii, ndipo maso onse anali pa Yowasi.

Yowasi anakweza dzanja, anadzaza chifuwa, n'kutsegula pakamwa. Panatuluka kamphepo kokha, ngati tayala la njinga likuphwa. Mawu anali atasasa, osatsala ndi kadontho komwe.

Anayesanso. "Hhh... hhhba..."

"Pepani, sindikukudziwani," inatero nyumba mokoma mtima, aliyense akumva. "Mwini nyumba akabwera ndimuuza kuti munafika."

A Gwiramphepo anathamangira pachipata. "Iwe nyumba, ndine Nduna ya Zamawa. Tsegula."

"Mubwere mawa," inayankha nyumba.

Nduna zinayamba kukuwa zonse pamodzi, wina akumenya chipata ndi ndodo yaulemu, wina akuitanitsa uchi. Nyumba inalengeza kuti panja pali anthu osokoneza, ndiye yatseka mawindo onse pofuna chitetezo cha mwini wake. Makatani anatsika limodzilimodzi. Kenako, kuti alendo asatope, inayamba kuimba kanyimbo kaja Yowasi anavina mukhonde. Kazembe wina anayamba kugwedeza phazi.

Yowasi anaima pakati pa chipwirikiticho, ndipo pang'onopang'ono chinthu china chinamufikira m'mutu. Nyumba sikumudziwa. Palibe chitseko chimene angatsekule, palibe madzi amene angalamule. Ndi munthu wopanda ntchito, ndipo dzuwa likadali pamutu. Chimwemwe chinamukwera kuchokera kumapazi. Anamasula sikafu ija n'kuikoleka pakhosi pa msilikali mmodzi, natembenuka kuyang'ana njira ya kwa Pirirani, kumene Dolika ankakhala. Asilikaliwo anayang'anana. Lamulo linati azilondera mawu, ndipo mawuwo panalibe. Anakhala pansi pamthunzi.

Atayenda pang'ono anamva wina akumukoka jekete. Inali mfumu. Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi inali isanakhalepo pagulu popanda Yowasi pambali pake, ndiye inangogwira nsonga ya jekete n'kumatsatira. Oimba malipenga ataona mfumu ikuyenda anaitsatira, poti ndiyo ntchito yawo. Nduna zinatsatira malipenga. Akazembe anaganiza kuti ndi mbali ya mwambo. Umu ndi mmene boma lonse la Vomerani linadutsira pakati pa msika wa Zatikwana wapansi, likulumpha timadzi tonyansa timene linalengeza kalekale kuti tinathetsedwa.

Pabwalo la Dolika zinthu zinali zitafika poipa. Akuchimuna anali atakhala pa mabenchi kuyambira m'mawa. Nkhoswe yawo, a Jekapu, bambo wamtali wosaseka, anali atanyamula kale tambala kukhwapa. Sekanawo anali pamphasa m'diresi lake lositidwa kakhumi, mutu uli pansi. Atamva malipenga anadzutsa maso, n'kuona dazi lija likubwera patsogolo pa khamu.

"Amalume," anatero, n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Dolika anayang'ana mchimwene wake, anayang'ana mfumu, nduna ndi akazembe. "Ndinati mubwere nokha, achimwene. Thobwa silikwana." Komabe anasuntha anthu, mfumu n'kukhala pabenchi pambali pa Yowasi, ikugwirabe jekete.

A Jekapu sanatekeseke ndi mikanjo. Anagwada pang'ono kulemekeza mfumu, kenako anatembenukira kwa Yowasi. "Ife tabwera katatu, bambo. Funso lathu ndi lomwe lija. Mwana wathu Fanuwelo anaona mwana wanu Sekanawo. Inu amalume ake mukuti bwanji? Tikufuna timve pakamwa panu."

Yowasi anaimirira, chimwemwe chili tho. Anatsegula pakamwa. Kamphepo.

Apa ndiye anakumbukira kuti chimene chamumasula ku nyumba ya mfumu ndi chomwenso chikumumanga pano. Thukuta linatsika padazi. Anayesa kachiwiri, anayesa kachitatu, anagwedeza mutu kuvomera, analoza Sekanawo, analoza Fanuwelo, analumikiza zala.

"Chinkhoswe sachita ndi manja," anatero a Jekapu. "Mawa banjali likadzavuta, tidzati amalume ananena chiyani? Tidzati analoza?" Anakonza tambala kukhwapa n'kuyang'ana anthu awo. Akuchimuna anayamba kudzuka. Fanuwelo anagwira kumutu.

Yowasi anamva mantha amene anali asanawamvepo pamaso pa bwalo lililonse. Anagwera pabenchi, ndipo posadziwa chochita anachita chokhacho chimene anachiona moyo wake wonse. Anaweramira kukhutu limene linali pafupi, n'kunong'ona. Khutulo linali la Mfumu Duu Wachitatu.

Mfumu inatuzula maso. Inayang'ana Yowasi. Inayang'ana mtsikana wa pamphasa. Inayang'ana tambala amene anali atafika kale pa mpanda. Kenako inasiya jekete lija, n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Akuti dikirani."

Mawu ake anali aang'ono, opyapyala, a dzimbiri ngati chitseko cha nkhokwe. Bwalo lonse linagwira makutu. A Gwiramphepo anadzigwetsa pansi n'kufunda mkanjo kumutu. Panapita kanthawi aliyense akudikira. Dolika anakoka khutu lamanja, anakoka lamanzere, anayang'ana pansi ngati pagwa kanthu.

"Anga alipo," anatero. "Pitirizani, bambo."

Yowasi ananong'onanso, ndipo mfumu inamvetsera mosamala. Tsono mfumuyi luso lokometsa mawu inalibe. Sinkadziwa kuti Pakamwa amayenera kuwonjezera mchere. Inangonena zimene inamva, mmene inazimvera.

"Akuti mwanayu ndamulakwira kawiri, ndipo ndikuchita manyazi." Inaweramanso. "Akuti ndinamulera ndine, amakonda kuseka, musadzamuletse." Inaweramanso kachitatu, ndipo ulendo uno inachedwa, chifukwa Yowasi ankalira. "Akuti mutengeni. Akuti zikadzavuta mudzabwere kwa ine, ndidzapezeka."

A Jekapu anatembenuka pa mpanda paja. Kenako anabwerera, anagwada pamaso pa Yowasi, n'kupereka tambala ndi manja awiri. "Tamva," anatero. "Ndipo tamvetsa, zimene sizichitikachitika mawu akachokera kumtunda." Dolika anathamangira kuseri n'kubwera ndi msoti watsopano uja, Yowasi anaupereka, ndipo nthungululu zinasweka bwalo lonse. Oimba malipenga anayamba nyimbo yosakhala pa ndondomeko. Sekanawo anakumbatira amalume ake mpaka dazi linanyowa mbali zonse. Akazembe anavina mmene anathera, ndipo kumtunda kuja nyumba inapitiriza kudziimbira yokha, makatani ali otseka.

Mfumu inakhala pansi ikupuma ngati yasenza katundu. Inalawa thobwa. Inatsokomola pang'ono, kuyesa ngati mawu aja akadalipo. Analipo. Inayang'ana khutu la Yowasi mwa chizolowezi, kenako inatembenukira kwa Dolika, amene ankadutsa ndi mbale ya nyama ya nkhuku, n'kunena mokweza ndithu:

"Mayi, nsapatozi zikundithina."

Yowasi anadzidzimuka n'kuyamba kudzuka kuti amasulire, koma analibe chomasulira nacho.

Dolika anayang'ana mapazi a mfumu. "Ndiye vulani," anatero, n'kupitirira ndi mbale yake.

Mfumu inakhala kaye duu. Kenako inawerama, inamasula zingwe, inavula imodzi, inavula inzake, n'kuzikankhira pansi pa benchi. Inatambasula zala zake m'fumbi la kwa Pirirani, n'kuseka mokweza, aliyense akumva.